Mikanda ya Mbaliwali ndi Masaya a Gologolo

Padangokhala, inu, kale lija nyama zikadali ndi mafumu ndi nduna zawo ngati ife. Amene muli nane vomerani. Amene mukusinza sinzani, koma musadzandifunse pamapeto.

Kunali Gologolo. Ha, Gologolo uja! Mbava yotheratu, pakamwa potsekemera, manja osagwirika. Ankatha kukubera mtedza uli m'manja mwako, kenako n'kukuthandiza kufunafuna, mpaka iwe n'kumuthokoza. Akanena kuti kwacha, anzake ankayamba asuzumira panja. Koma panali mmodzi yekha amene sanamuberepo ngakhale khoko la mtedza. Amenewo anali mayi Ngaka, amene anamutola ali kakhanda amake atatengedwa ndi mphamba, namulera m'una mwawo. Gologolo ankawatchula kuti azakhali.

Mayi Ngaka anali atakalamba, mamba atayamba kuthothoka, zikhadabo zitatha. Ntchito yawo inali imodzi basi, kuonerera njati zikugundana. M'mudzimo munali njati ziwiri zapachibale, Chiphwanya ndi Chigunda, asilikali a mfumukazi. M'mawa uliwonse zinkathamanga mozungulira bwalo, wina uku wina uko, n'kukumana mitu, gu! Pogundanapo pankatuluka mbaliwali, zija zimathetheka wosula akamenya chitsulo. Ena onse ankangosangalala ndi phokosolo. Mayi Ngaka okha ankayang'ana mbaliwalizo, ndipo anaziyang'ana zaka makumi anayi.

Zimene anaona ndi izi. Mbaliwali situluka imodzi. Zimatuluka ziwiriziwiri ngati mapasa, ina yofiira ina yoyera. Yofiira imakhotera kumanja, yoyera kumanzere. Zikangokhudzana, ng'anii! zonse ziwiri zatha, osatsala ndi phulusa lomwe. Zikapanda kukhudzana, iliyonse imauluka kamphindi n'kusweka yokha. Zambiri zimangosanduka utsi, koma mwa apo ndi apo ina imagwetsa kamkanda kakuda. Mkanda wa yofiira ndi mkanda wa yoyera sungaisiyanitse, ngakhale utainyambita.

Tsiku lina pa phwando la masika, Mfumukazi Nyamalikiti, amene ankakonda mafunso akakhuta, anaweramitsa khosi n'kufunsa kuti, "Kodi ifeyo tinachokera kuti?"

Mayi Ngaka anaomba m'manja.

"Zikomo mfumukazi. Pachiyambi zinthu zonse zinatuluka ziwiriziwiri ngati mbaliwali zija, chofiira ndi choyera. Zikanakhala zofanana m'zonse, bwenzi zitathana psiti. Bwenzi kulibe inu, kulibe ine, kulibe wofunsa. Koma zofiira zinaposa pang'ono. Ifeyo ndife totsala take."

Khwangwala, nduna ya milandu, anadumpha pampando, kolala yoyera ili mbuu. "Mwamva? Mwamva nonse? Akuti mfumukazi yathu ndi makombo!"

"Sindinati makombo."

"Dziko linapangidwa molingana! Taonani ine, kuda ndi kuyera kunandikwana bwinobwino, palibe kumene kunaposa. Mbaliwali yofiira ndi yoyera ndi mapasa, zimabadwa limodzi, zimafa mofanana. Iposa bwanji inzake?"

Mayi Ngaka anafotokoza mosapupuluma. "M'kati mwa mbaliwali iliyonse muli kanjere. Tinjereto tili ndi mafuko atatu, lolemera, lapakati ndi lopepuka. Mbaliwali ikamasweka, kanjere ka fuko lolemera kamasamukira ku fuko lopepuka, ngati mkamwini. Njira zake zilipo ziwiri, yachidule ndi yodzera kwa a fuko lapakati. Mafuko akanakhala awiri okha, njira ikanakhala imodzi, ndipo mapasawo akanafadi mofanana. Koma alipo atatu. Kwa yofiira njira ziwirizo zimathandizana, kwa yoyera zimapingana. N'chifukwa chake zofiira zimagwetsa mikanda yochulukirapo pang'ono."

"Pang'ono bwanji?" anatero Khwangwala. "Pang'ono ngakhale chidakwa chikhoza kunena."

Apo mayi Ngaka anatulutsa ndodo ziwiri zimene anazidula potsata zomwe anaona zaka zonse zija. Anazigoneka pakati pa bwalo, matsinde atalumikizana, nsonga zitatayana ngati mphanda ya legeni, n'kuzikhomera ndi zikhomo.

"Njati zigundane masiku khumi. Mikanda ya zofiira itoledwe m'chipanda chimodzi, ya zoyera m'chinzake. Kenako muzichotsa umodzi uku, umodzi uku, mpaka chipanda china chithe. Yotsalayo muitunge pa ulusi. Ulusi umenewo ndiyo ndodo yachitatu. Udzatseka mpata uwu ndendende, osapitirira, osaperewera."

M'mudzimo munali mwambo wakuti amene wakhoma ndodo pabwalo amamupatsa mayeso atatu. Akalephera onse, amanyamula katundu wake n'kuchoka, osadzabweranso. Ndiye mayi Ngaka, zikhadabo zitatha chonchija, akanakumba una watsopano kuti? Aliyense anadziwa kuti kuwapirikitsa kunali kuwapha.

Gologolo anawakoka mchira. "Azakhali, zulani ndodozo! Ingonenani kuti mumacheza."

"Sindimacheza."

"Ndiye nenani kuti mwalawa mowa."

"Sindimwa, iwenso ukudziwa."

Mfumukazi itafunsa amene ayang'anire ntchito yotola mikanda, aliyense anayang'ana pansi. Gologolo yekha ndi amene anakweza dzanja. Chiphwete chake! Fisi anachita kugubuduka. Khwangwala anavomera msangamsanga, poganiza kuti chowerenga mbava palibe adzachikhulupirire.

"Chabwino," inatero mfumukazi. "Koma iwe Gologolo, khosi langali likuona kulikonse."

Gologolo anakatenga Nkhanu, mlonda wa pachitsime, chifukwa pa nkhani yowakha panalibe womuposa. Anamukhazika kutsogolo kwa pogundanira njati, chipanda china kumanja, china kumanzere. Dzanja lamanja liziwakha mikanda ya zofiira, lamanzere ya zoyera.

Njati zikamathamanga, mudzi wonse unkaziimbira nyimbo. Inali nyimbo ya mayi amene anabereka mapasa, wina anapita kukatunga madzi osabwerako. Wotsogolera ankafunsa kuti watsala ndi uti. Ovomera sankayankha ndi mawu, ankangoponda pansi kamodzi onse pamodzi, ndipo pa kupondapo mpamene mitu ya njati inkakumana. Anaimba choncho masiku khumi, mpaka Chigunda anayamba kuiwala dzina la mkazi wake.

Tsiku lakhumi anakhuthula zipanda. Umodzi uku, umodzi uku. Chipanda cha zoyera chinatha, cha zofiira kukadali mulu. Gologolo anavina, mchira uli m'mwamba. Anatunga yotsalayo n'kuyala ulusi pampata paja. Unatseka mpata, n'kupitirira, n'kupitirirabe, mpaka kukafika pa ziboda za mfumukazi.

"Osapitirira, osaperewera," anatero Khwangwala mokoka mawu. "Si ine ndinanena. Mayeso oyamba apita."

Chimene chinamuwawa Gologolo n'chakuti sanabe. Koyamba m'moyo wake kugwira ntchito moona mtima, n'kugwa nayo! Anapita kwa Nkhanu kukamuthokoza ndi nkhope yakugwa. Nkhanu anamupatsa dzanja lamanja, chimphanda chachikulu, n'kumufinya mpaka Gologolo anati mayo. Pochotsa dzanja lake, maso anagwera pa lamanzere la Nkhanu. Kanali kadzanja kowonda, kosakwana ndi theka la linzake.

"Achimwene, dzanja ili linatani?"

"Ndinabadwa choncho. Kwathu tonse."

"Ndiye mikanda ya kumanzere mumaiwakha yonse?"

"Ina imapulumuka."

"Bwanji osanena?"

"Simunandifunse."

Gologolo anagwira mutu. Zoyera sizinachepe chifukwa cha mafuko atatu a azakhali, zinachepa chifukwa cha kadzanja ka Nkhanu. Anazungulira mudzi wonse kufuna nyama ya manja ofanana. Nyani lamanja linali lochenjera kuposa lamanzere. Chiswamphika diso lina linali ndi ng'ala. Aliyense amene anamuyesa anali wopendekera kwinakwake. Ndiye anabwerera kwa Nkhanu yemwe uja, atavala nkhope yaulemu.

"Achimwene, ulendo uno masiku asanu mugwira ntchito chafufumimba, masiku asanu chagada."

"Chagada? Ine munthu wa banja langa, ndigone chagada pagulu?"

"Inetu ndinakana. Koma mfumukazi inanong'oneza kuti m'mudzi muno mulibe wa pamimba poyera ngati inu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu sanapaonepo."

Nkhanu anadziyang'ana kunsi. "Inatero?"

"Musakaifunse, ichita manyazi."

Bodza lenileni, koma nzeru yake inali yoona. Nkhanu akagona chagada, chimphanda chija chimapita kumbali ya zoyera, kadzanja kaja kumbali ya zofiira. Zimene mbali imodzi yapindula masiku asanu, imabweza masiku asanu enawo. Ngakhale Khwangwala anapendeketsa mutu n'kuvomera.

Nyimbo ya mapasa inayambanso. Wotsogolera kufunsa, gulu kuponda, mitu gu! Nkhanu chagada, miyendo ili m'mwamba, akudzimva ngati mkwati. Koma mikanda inkabwera ndi zinyalala, timiyala, ina yobenthuka, ina yong'aluka. Masana aliwonse Gologolo ankakhala pakati pa zipanda n'kumasankha, zabwino kubwezera, zoipa kuponya kumbuyo. Anasankha mosamala, ndikukuuzani, lilime lili panja.

Tsiku lakhumi, umodzi uku, umodzi uku. Cha zoyera chinatha. Anatunga yotsala. Anayala. Ulusi unachoka pansonga iyi n'kukagunda pansonga inayo, ndendende! Nthungululu zake! Njati zinakumbatirana. Gologolo anapidiguka katatu m'malere n'kutembenuka kuti akumbatire azakhali ake, koma sanawaone.

Anawapeza kuseri kwa zipanda, akufukula zinyalala ndi mphuno. Panali milu iwiri. Mulu wa kumbali ya zofiira unali waung'ono, timiyala tokhatokha. Wa kumbali ya zoyera unali wokulirapo, ndipo munali mikanda yambiri yabwinobwino, yongokalika pang'ono.

"Tabwera kuno, mwanawe. Uwu unautayiranji?"

"Ndi wobenthuka."

"Nanga uwu, ndautola pa ulusi paja. Siwobenthuka?"

Gologolo anauyang'ana. Unali wobenthuka kuposa woyamba uja. "Azakhali, sindinabe! Ndalumbira pali amayi anga!"

"Ndikudziwa. Sunabe ndiwe, laba ndi dzanja lakoli. Likafika pa mkanda wokayikitsa wa zofiira limati ungakhale, likafika pa wa zoyera limati ayi, wosweka. Limandikonda dzanjali, ndinalilera ndekha."

"Ndiye khalani chete. Palibe waona. Mwawina kale!"

"Ndaona ine."

"Azakhali, kwangotsala mayeso amodzi!"

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikufuna kudziwa ngati ndikunena zoona. Ulusi uwu sunandiuze kanthu. Wangondiuza kuti umandikonda, zomwe ndimadziwa kale."

Anatembenuka n'kuyamba kukwawira ku bwalo, pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa ovina. Ine nkhalamba imeneyi ndimaigomera, abale. Gulu lonse likukuimbira, mdani wako watsitsa mapiko, iwe n'kupita wekha kukanena kuti chiwerengero chalakwika! Anatero mayi Ngaka, pamaso pa onse. Ng'oma zinaleka.

"Mayi, mukudziwa zimene mwachitazi?" inafunsa mfumukazi.

"Ndikudziwa. Kwatsala kamodzi."

Madzulo a tsikulo mayi Ngaka anayamba kumanga phukusi lawo.

Gologolo anakhala pamphanda ya mtengo masiku awiri osadya. Moyo wake wonse anatchera misampha anzake. Anapusitsa Fisi, anapusitsa Nyani, anagoneka Nkhanu chagada. Koma mbava yochenjera kuposa zonse m'mudzimo, imene imaba mwini wake ali maso osazindikira, inali itakhala pamphanda pomwepo. Imeneyo akanaitchera bwanji, poti chilichonse chimene iye angaganize nayonso yachimva?

Tsiku lachitatu anatsika n'kupita kwa Mfuko. Mfuko anali mmisiri wa njira za pansi, wosaona, wosakonda macheza, woti ukamupatsa moni amayankha mawa.

"A Mfuko, ndikufuna mundibisire chinthu."

"Mwaba chiyani?"

"Sindinabe. Ndikufuna mundibisire ineyo, kuti ndisachione."

Anamufotokozera. Pansi pa manja a Nkhanu pakumbidwe maenje awiri, la zofiira ndi la zoyera. Kuchokera m'maenjemo, njira ziwiri za pansi zitsetserekere kuseri kwa bwalo, kukathira m'zipanda ziwiri zofanana, zapakamwa pang'ono. Njirazo Mfuko akhoza kuzipingasa kapena kuziwongola, zili kwa iye. Ndiye palibe adzadziwe kuti chipanda cha zofiira ndi chiti kupatula Mfuko yekha. Njati zikamaliza kuthamanga, zizitseka maenje aja ndi mwala woti Gologolo sangausunthe. Zosankha ndi dzanja zithe. Zinyalala zizichotsedwa ndi sefa imodzi, mbali zonse ziwiri, Mfuko asanaulule kanthu.

"Chatsala chimodzi," anatero Gologolo. "Ndidzabwera kudzakufunsani."

"Ndiye osangokhala bwanji?"

"Ndikudzidziwa. Ndidzayamba ndi kukutamandani. Zikadzakanika, ndidzati mfumukazi yandituma. Zikadzakanikanso, ndidzalira. Misoziyo idzakhala yeniyeni. Musadzandiuze."

Mfuko ananunkhiza m'malere. "Zachilendo," anatero, n'kumira.

Khwangwala atamva dongosololi analizungulira mbali zonse kufuna chiboo. Sanachipeze. "Wakuuza ndani nzeru imeneyi?"

"Ndinangoganiza mmene ndingabere, bwana nduna, n'kutseka paliponse pamene ndinalowera."

Nyimbo ya mapasa inayamba kachitatu, koma ulendo uno inkamveka ngati ya pamaliro. Wotsogolera akafunsa kuti watsala ndi uti, opondawo ankaponda akuyang'ana mayi Ngaka. Masiku asanu chafufumimba, masiku asanu chagada. Mikanda inkalowa m'maenje n'kusowa. Gologolo sanaigwire ndi kamodzi komwe, ankayenda manja ali kumbuyo.

Tsiku lakhumi njati zinagundana komaliza dzuwa lisanafike pamutu. Maenje anatsekedwa ndi mwala. Mfumukazi inalamula kuti onse akapume, kuwerenga kuchitika ng'oma ikalira. Gologolo anadzera kwa azakhali ake. Anawaona chapatali atasenza phukusi lija, akuyeserera kuyenda nalo. Anayenda mapazi khumi n'kukhala pansi, akupuma mwawefuwefu. Anadzukanso, mapazi asanu ndi atatu, n'kukhalanso.

Mtima wa Gologolo unasweka. Zonse zimene analonjeza zinauluka. Anathamangira kwa Mfuko.

"A Mfuko! Mmisiri wa amisiri! Ine njira zanuzi zandizunguza mutu. Wina akanangoziwongola, koma inu, ndi luso lanulo, muyenera kuti munazipingasa, eti?"

"Kutamanda kwatha," anatero Mfuko ali m'dzenje. "Tsopano za mfumukazi."

Gologolo anayesabe. "Ayi, zoonadi, mfumukazi yati…"

"Eya."

Basi Gologolo anagwada pakhomo pa dzenjelo n'kuyamba kulira. Analira ngati tsiku lija anatoledwa. Ananena za phukusi, za mapazi khumi, za zikhadabo zotha. Mfuko anatulutsa mphuno n'kununkhiza misozi ija nthawi yaitali.

"Munanena kuti idzakhala yeniyeni," anatero motsitsa mawu. "Pepani." N'kumira.

Mukuganiza kuti Gologolo analeka? Simukumudziwa. Anathamangira ku mulu wa zinyalala za mayeso achiwiri, n'kutola mikanda yabwinobwino ija, n'kuikoleza m'masaya, uku ndi uku, mpaka nkhope inasanduka dzungu. Anazemba kupita kuseri kwa bwalo. Zipanda zinali pompo, ziwiri, pakamwa posatseka, wolondera palibe. Kulavulira m'chimodzi basi, nkhani yatha.

Koma chiti?

Anagwedeza ichi, anagwedeza icho. Kulira kwake kumodzi. Ananyamula ichi, ananyamula icho. Kulemera kwake kumodzi. Ananunkhiza, anasuzumira, analowetsa dzanja m'njira za Mfuko mpaka paphewa, koma zinkakhota n'kusowa. Anaganiza kuti Mfuko ndi waulesi, ayenera kuti anawongola. Anaganizanso kuti Mfuko ndi wonyada, ayenera kuti anapingasa. Akalavulira m'chipanda cha zoyera ndiye kuti azakhali wawapha ndi pakamwa pake. Anaima pakati pa zipanda ziwirizo, masaya ali tuu, akutukwana mumtima chitsiru chimene chinakonza msampha wopanda chiboo chonchi. Kenako anakumbukira kuti chitsirucho ndi ndani.

Ng'oma inalira. Khwangwala anatera pambali pake. "Tiyeni a Gologolo, nyamulani china. Masayawo atani?"

Gologolo analoza dzino n'kubuula.

Mudzi wonse unasonkhana. Anasefa mikanda ya chipanda choyamba, anasefa ya chachiwiri, sefa yomweyo. Anayamba kuchotsa. Umodzi uku, umodzi uku. Milu iwiri inatsika limodzi, inatsika, inatsika, mpaka ena anayamba kunong'ona kuti Khwangwala ananena zoona. Anthu ankadabwanso kuti Gologolo, amene sankatha kukhala chete ngakhale pamaliro, sanatulutse liwu. Kenako Nyani, amene ankachotsa kumbali imodzi, anapapasa pansi n'kupeza dothi lokha. Kumbali inayo kunatsala kamulu kakang'ono.

Gulu linafuna kufuula, koma Khwangwala anakweza phiko. "Dikirani. Kamuluka n'ka yani? Kakakhala ka zoyera, mayiwa anyamule phukusi."

Mfumukazi inagogoda pansi ndi chiboda. Dothi linatukumuka, mphuno ya Mfuko n'kutulukira.

"A Mfuko, chipanda chimene chatsala ndi mikandachi chinali pa njira iti?"

"Ndinapingasa," anatero Mfuko. "Chimenecho ndi cha dzenje la kumanja. Cha zofiira."

Khwangwala sanakhutire ndi mawu, ndipo pamenepo ndimamupatsa ulemu. Anauza njati kuti zichotse mwala, anathira mchenga m'dzenje la zofiira, n'kuuluka kukaona kumene utulukire. Anabwerako mlomo uli mchenga wokhawokha. Anatola ulusi yekha, anatunga mikanda ija yekha, umodzi umodzi. Anakola nsonga ya ulusi pa ndodo yoyamba n'kuyamba kubwerera cham'mbuyo, akuwongola. Mkanda womaliza unakhudza nsonga ya ndodo yachiwiri. Unalowerera pang'ono chabe, osakwana theka la mkanda.

"Watseka," anatero Khwangwala.

Nyimbo ya mapasa inaphulika yokha popanda woiyambitsa. Wotsogolera anafunsa kuti watsala ndi uti, ndipo tsiku limenelo, koyamba chiimbireni, gulu silinaponde pansi. Linayankha ndi mawu, kutchula wofiira uja. Njati, zimene zinali zitayamba kale kuthamanga pomva nyimboyo, zitamva kuti palibe kuponda, zinadutsana osagundana n'kukagwera m'khola la eni ake.

Phokoso litatsika, Khwangwala anaimabe pa ulusi paja, akuuyang'ana ndi diso ili, kenako ndi linalo.

"Mayi, ndagonja. Mafuko alipodi atatu. Koma ndifunse. Masiku khumi, mitu ya asilikali yatupa, ndipo chotsala ndi kaulusi aka. Kakukwana kupanga mfumukazi, ndi khosi lonseli? Kupanga tonsefe?"

Ena anayamba kumukuwiza, koma mayi Ngaka anawaletsa.

"Funso limenelo ndi labwino kuposa onse amene mwafunsa. Sikakwana. Ngakhale nthata sikangaipange. Ndodo zanga zaima, koma funso la mfumukazi silinathe. Pali china chimene chimakondera zofiira, ndipo ine sindinachione."

"Ndiye titani?"

"Tiyang'anenso. Masiku zana, mwina chikwi."

Chiphwanya ndi Chigunda anabuula m'khola muja. Khwangwala anakanda pansi ndi phazi. "Mawa pambali panupo pali malo?"

"Bwerani ndi mpando wanu."

Gologolo anaperekeza azakhali ake kwawo, njira yonse osayankhula. Atafika pakhomo pamene panali phukusi lija, anawerama n'kulavula. Mikanda inagwa waa, yonyowa, kamulu ndithu.

Mayi Ngaka anaiyang'ana, kenako anayang'ana iye.

"Ndinafuna kuthira, azakhali. Ndinafika mpaka pa zipanda. Sindinasiye chifukwa choti ndine wabwino ayi. Sindinadziwe chipanda chanu."

"Ukanachidziwa?"

"Ndikanathira yonse."

Mayi Ngaka sanamukalipire. Anayamba kuindandalika mikanda ija pansi, umodzi pambali pa unzake. Mzere unakula, unakula, mpaka unakwana theka la mpata uja wa pabwalo. Gologolo anauyang'ana. Anakumbukira mkanda womaliza ukukhudza nsonga ya ndodo. Anaona m'maganizo mzere uwu utalumikizidwa kumapeto kwake, ukudutsa ndodo, ukupitirira, Khwangwala akukoka mawu aja. Anakhala pansi.

"Ukanandithandiza," anatero mayi Ngaka, "bwenzi pano ndili panjira."

Gologolo anayang'ana manja ake.

"Basi, pukuta kukamwako. Tola phukusilo ulowetse m'nyumba, umasule. Mfundo yake ndinamanga yolimba, zala zangazi sizingathe."

Gologolo anagwada n'kuyamba kumasula ndi mano.

Yanga yathera pomwepa. Amene munasinza, kafunseni Mfuko.